Msewu wa N3 umathera m'madzi

Amene anayambitsa Johannesburg mu 1886 ankafuna golide, za madzi analibe nazo ntchito. N'chifukwa chake mzinda waukulu chonchi uli pachitunda chouma, mamita opitirira 1,700 kuchokera pomwe pamalekeza nyanja yamchere, ndipo mulibe mtsinje woti munthu n'kupalasapo bwato. Mvula ikagwa pa Witwatersrand, chitunda chomwe mzindawu wakhalapo, imagawikana pawiri: ina imatsikira kumpoto kudzera mu Jukskei mpaka kukathira mu Limpopo, ina imalowera kummwera kukagwera mu Vaal. Madzi amene timamwa ku Rosettenville amachita kupopedwa kuchokera ku damu la Vaal, ndipo ena mwa iwo amachokera kumapiri a Lesotho. Kwa munthu wobadwira ku Nkhotakota, yemwe ankamva mafunde asanamve tambala, kuuma kumeneku thupi silikuzolowera ngakhale zaka zichuluke.

Komabe mzinda womwewu uli ndi doko. Ku City Deep kuli bwalo lalikulu la makontena lomwe linatsegulidwa mu 1977, ndipo amalitcha doko lapamtunda chifukwa katundu wochokera kunja amatha kudzaonedwa ndi akuluakulu a msonkho konkuno. Ine ndimagwira ntchito m'nyumba ina yosungiramo katundu chapafupi pomwepo. Timadula loko, timatsegula zitseko za kontena, timatsitsa, timawerenga, timapakiranso m'mathiraki. Ena mwa mathirakiwo amalunjika ku Beitbridge, Nyamapanda, Tete mpaka ku Mwanza kapena ku Dedza. Amalawi ambiri kuno ku Joni timadya za makontena amenewa: opakira, madalaivala, azimayi ooda nsalu ndi nsapato, anyamata otumiza katundu wa anthu kumudzi. Koma ambiri mwa ife sitinaonepo sitima imene imawabweretsa. Kwa ife ulendo wa katundu umayambira pa phula.

Amene anatikakamiza kukaona ndi alamu anga, amuna awo a chemwali anga. Gulu lathu lothandizana pa maliro linakonza ulendo wa ku Durban, ndipo ambiri ankangoganiza za kugombe, kusamba ndi kujambulitsa. Alamuwo anayendetsa thiraki zaka zambiri pakati pa Durban, Johannesburg ndi Blantyre. Msewu wa Bayhead, womwe mathiraki amafola podikira kulowa kumalo a makontena, amaudziwa usana ndi usiku, anagonapo m'galimoto osawerengeka. Tili m'basi pa N3, msewu waukulu wa pakati pa Johannesburg ndi Durban, titatsika kale chitunda cha Van Reenen, anandiuza kuti: "Alamu, katundu wa sitima zimenezi ndamunyamula mpaka msana kupindika, koma sitimazo ndimangoziona nsonga kuseri kwa mpanda. Ulendo uno ndikufuna ndiziyang'ane kumaso." Tinagwirizana anthu ochepa, kuphatikizapo mwana wawo wamkazi wobadwira konkuno, ndi mayi wina wachikulire wa ku Ntcheu yemwe anali asanakwerepo chombo chamtundu uliwonse.

Maboti oyendetsa alendo m'doko amanyamukira pa Wilson's Wharf. Lathu linali losanjikizana, ndipo tisananyamuke anationetsa pomwe pali majekete oyandamitsa munthu. Chinthu choyamba chomwe chinandigwira maso ndi makwerero otsikira m'boti, omwe anapangidwa kuti azikwera ndi kutsika pamodzi ndi madzi. Kwathu nyanja imadzaza mvula ikagwa n'kumaphwa pang'onopang'ono chilimwe chonse, ndipo msodzi amasuntha pokocheza bwato kamodzi pa miyezi ingapo. Kuno madzi amadzaza ndi kuphwa kawiri pa tsiku, ndipo mwezi ukakhala watsopano kapena wathunthu kusiyana kwake kumayandikira mamita 2. Tinanyamuka madzi ataphwa, moti pakati pa dokolo panaonekera mchenga waukulu, mbalame zikutolatola pamenepo, pomwe chapafupi pakudutsa zombo zolemera matani masauzande. Madziwo si oyera. Mitsinje ya Umbilo ndi Umhlatuzana imathira momwemo, ndipo imabwera ndi mabotolo ndi mapepala apulasitiki a mzinda wonse.

Tinadutsa ku Maydon Wharf, komwe kuli nkhokwe zitatu zikuluzikulu za shuga zotha kusunga matani opitirira 500,000. Apa mtima unathamangira ku Dwangwa. Dzina la Illovo lomwe timaliwerenga pa mapaketi a shuga kwathu ndi dzina la mtsinje wa kummwera kwa Durban, ndipo kampaniyo inatenga minda ya Dwangwa ndi Nchalo mu 1997 itagula gawo la shuga la Lonrho. Sitinachedwepo pamenepo. Boti linakhota kulunjika kumalo a makontena, ndipo anthu onse anasiya kucheza.

Sitima ya makontena ukaiona pa chithunzi umangoti ndi yaikulu. Ukakhala pansi pake, m'kaboti, khosi limachita kuwawa poyang'ana pomwe chitsulo chathera ndi pomwe makontena ayambira. Zina zimatalika mamita 300, ndipo boti lathu linatenga nthawi ndithu kuchoka kumphuno kukafika kumbuyo. M'mbali mwake mwalembedwa manambala otsika mpaka m'madzi, osonyeza kuti yamira motani, ndiye kuti yalemera motani. Ina inali itatsitsa katundu wambiri, moti chimphuno chake chobulungira, chomwe nthawi zonse chimakhala pansi pa madzi kuti chiziphwanya mafunde, chinali pamtunda chikuonekera ndi utoto wofiira. Pamwamba pake panali makina onyamula makontena, ataliatali, ndipo woyendetsa amakhala m'kachipinda kolendewera, n'kumayang'ana pansi kudzera pagalasi lomwe lili kumapazi kwake. Amatsitsa chitsulo chogwirira, chimakola m'makona anayi a kontena, amakweza, amasuntha, amaika pagalimoto yomwe ikudikira pansi. Kontena yomwe ife timaitsitsa anthu angapo theka la tsiku iye amainyamula m'mphindi zochepa. Pafupifupi makontena 6 mwa 10 alionse olowa kapena kutuluka m'dziko la South Africa amadutsa pamalo amenewa.

Alamu anga anaimirira, atagwira chitsulo cha m'mbali, n'kumaloza kuseri kwa milu ya makontena. "Mukuona magetsi aataliwo? Ndi pamenepo timadikirira. Ndiye kuti nthawi yonse ija madzi anali pafupi chonchi!" Anatulutsa foni kuti ajambule, koma anaibwezera m'thumba n'kumangoyang'ana.

Kumbuyo kwa sitima iliyonse kwalembedwa dzina lake ndi doko lomwe inalembetsedwa. Tinawerenga Monrovia, Panama, Majuro. Eni ake ambiri sali kumeneko. Amalembetsa sitima zawo ku Liberia, ku Panama kapena ku Marshall Islands chifukwa msonkho ndi malamulo akumeneko n'zopepuka. Ogwira ntchito m'katimo nawonso ndi a kwina, ambiri a ku Philippines ndi ku India. Pa sitima ina bambo wovala ovolosi ya olenji anali akupaka utoto pachitsulo, ndipo mwana wa chemwali anga atamuimikira dzanja iye anasiya bulashi n'kubweza moni ndi manja onse awiri. Anthu amenewa amakhala pamadzi miyezi yambiri, amafika pa doko la dziko lachilendo koma nthawi zambiri osapeza mpata wotsika, ndipo malipiro awo amakamanga nyumba ndi kulipira fizi kwawo. Ife a ku Joni moyo umenewo sitichita kuuwerenga m'buku. Ndinamumvera chisoni bamboyo, ndipo ndinamulemekeza.

Chomwe chinandiphunzitsa kwambiri ndi kuona sitima ikulowa. Woyendetsa boti lathu anachepetsa liwiro n'kupatukira kumbali, chifukwa lamulo la pamadzi limati kaboti kakang'ono kasatsekereze sitima yomwe singathe kuchoka mumpita wake wakuya. Sitima ilibe mabuleki. Ikafuna kuima imabweza injini m'mbuyo, ndipo imayendabe mtunda wautali isanamvere. Kaputeni wake, ngakhale wawoloka nyanja zonse za dziko lapansi, salowa yekha m'doko. Amatumizidwa katswiri wa pompano, yemwe amamutcha pilot, wodziwa pomwe pali mchenga, momwe mphepo imakankhira ndi momwe madzi amakokera, ndipo ku Durban nthawi zambiri amakamutsitsa pa sitimayo ndi helikopita. Kenako pamabwera timaboti tamphamvu tokoka ndi kukankha, tomangidwa matayala m'mbali monse. Tiwiri tinagwira chimphonacho, kena kutsogolo ndi chingwe, kena kukankha m'nthiti, ngati anyamata awiri odziwa ng'ombe akulowetsa nkhunzi m'khola: mosakuwa, mosathamanga, aliyense akudziwa mbali yake. Sitimayo inaliza hutala katatu mwachidule, kutanthauza kuti injini zake zikubwerera m'mbuyo, ndipo phokosolo linamveka m'chifuwa.

Pamadzi amenewa palibe mizere yopakidwa utoto, koma palibenso woyenda mwachisawawa. Polowa m'doko zizindikiro zofiira zimakhala kumanzere, zobiriwira kumanja. Zombo zikakumana mumpita chilichonse chimagwira kumanja kwake. Pamwamba pa phiri la Bluff pali nsanja ya Millennium Tower, ndipo amene ali m'menemo ndi omwe amalola sitima kulowa kapena kutuluka, kudzera pa wailesi. Ndinaona sitima yonyamula magalimoto, yooneka bokosi lokhalokha, ina ya mafuta ili ku Island View komwe mapaipi amayambira ulendo wopita ku Gauteng, maboti a asodzi, timaboti tamatanga ta anthu olemera, ndi boti la apolisi. Zonsezi m'madzi amodzi, ndipo palibe chomwe chinagunda chinzake.

Pakamwa pa dokolo, pakati pa Bluff ndi Point, m'pomwe nyanja yeniyeni inatilonjera. Boti linayamba kukwera ndi kutsika pang'onopang'ono. Mafunde a kwathu, mwera ukakwiya m'miyezi yozizira, amabwera afupiafupi ndi othinana, amamenya bwato mbama. Awa ndi aatali, amakunyamula mwaulemu n'kukutsitsa m'dzenje, ndipo m'mimba mumatsalira m'mwamba. Mayi a ku Ntcheu aja anagwira mkono wanga n'kuyamba kupemphera chapansipansi. Ndinawauza kuti: "Mayi, musayang'ane madzi omwe ali pafupiwa. Yang'anani kutali uko, komwe nyanja yakumana ndi mitambo." Anatero, ndipo patapita kanthawi anamasula dzanja. Mantha awo sanali opanda pake. Ife a kunyanja tinakula tikumva za sitima ya Vipya, yomwe inamira mu Julaye 1946 kumpoto kwa nyanja yathu n'kupha anthu 145.

Mpita umenewu lero ndi wotambalala pafupifupi mamita 220, atauwonjezera ndi mamita ngati 100 pa ntchito yomwe inatha mu 2010. Koma mbiri yake ndi yomwe ndakhala ndikuiganizira kuyambira tsiku limenelo. M'zaka za m'ma 1800 pakamwa pamenepa pankatsekedwa ndi mchenga womwe nyanja imakokolola kuchokera kummwera. Sitima zikuluzikulu zinkaponya nangula kunja, ndipo anthu ankatsitsidwa m'dengu lalikulu kulowa m'timaboti towafikitsa kumtunda. Zinatenga zaka makumi angapo akumanga makoma a miyala ndi kukumba kuti mu 1904 sitima yaikulu ya makalata, Armadale Castle, ilowe mpaka mkati. Ndipo mchengawo sunagonje. Mpaka lero sitima zokumba zimagwira ntchito pamenepo, ndipo mchenga wina amaupopera kumagombe omwe anzathu ankasambako tsiku lomwelo. Akangosiya kukumba, doko limayamba kutsekeka.

Nditamva za dengu lija ndinaona Nkhotakota wa ubwana wanga. Ilala inkaima patali chifukwa madzi a kugombe kwathu ndi osaya. Ankatsitsa maboti ake awiri, anthu n'kumapanikizana m'menemo ndi matumba a ufa, njinga, nkhuku ndi malata, ndipo pofika kumtunda tinkatsikira m'madzi ofika m'chiuno, azimayi atasenza ana. Tinkaona ngati ndi momwe ulendo wa pamadzi umakhalira. Durban nayenso anayambira pomwepo. Kusiyana kwake n'kwakuti kuno anakumba, ndipo sanasiye.

Pobwerera tinadutsa m'munsi mwa Bluff, ndipo phiri limeneli lili ndi mbiri yomwe Amalawi tiyenera kuidziwa. Kuyambira mu 1873 sitima zankhondo za Britain zinkabweretsa ku Natal anthu omwe zinawalanditsa m'zombo za ogulitsa akapolo kunyanja ya pakati pa Mozambique ndi Madagascar. Ambiri anali Amakua, omwe chinenero chawo ndi chapachibale ndi Chilomwe. Anakhazikika ku Kings Rest pa Bluff, akumatchedwa Azanzibari, mpaka boma la tsankho linawasamutsira ku Chatsworth pansi pa lamulo logawa malo potengera mtundu. Malonda omwe anawazula kwawo ndi omwewo amene Jumbe ankachita ku Nkhotakota, powolotsa anthu pa nyanja yathu kuti akayende wapansi mpaka ku Kilwa. Ndipo pa madoko a dziko lino panadutsanso mwana wa kunyanja kwathu: Clements Kadalie wa ku Nkhata Bay, wophunzira ku Livingstonia, yemwe mu 1919 anayambitsa bungwe lomenyera ufulu wa apantchito la ICU pakati pa ogwira ntchito pa doko la Cape Town, bungwe lomwe linadzakhala lamphamvu kwambiri ku Durban komweku. Ndinamufotokozera mwana wa chemwali anga zimenezi boti likuyenda, ndipo anandifunsa kuti: "Amalume, ndiye kuti ife sitinayambe dzulo kubwera kuno?" Ayi, sitinayambe dzulo, ndipo Wenela ndi Theba si chiyambi chake.

Sindikufuna kujambula doko limeneli ngati malo opanda vuto. Kunja kwake, moyang'anana ndi Umhlanga, tinaona sitima zitaponya nangula zikudikira malo. Chakumapeto kwa 2023 mzere umenewu unakula kwambiri chifukwa cha nyengo yoipa ndi makina otha ntchito, ndipo makontena masauzande ambiri anakhala pamadzi masabata. Ife ku City Deep tinazimva m'thumba: aganyu ankabwezedwa pageti m'mawa chifukwa kunalibe chotsitsa. Mu Epulo 2022 madzi osefukira, omwe anapha anthu opitirira 400 ku KwaZulu-Natal, anamwaza makontena ndi kugumula misewu yopita ku doko. Ndipo katundu wambiri yemwe akanayenda pa njanji amayenda pa N3, n'chifukwa chake msewuwo umadzaza mathiraki usana ndi usiku. Madzi pawokha sathetsa kanthu ngati makina, njanji ndi anthu sakusamalidwa.

Funso lomwe linandivuta ndi lakuti, n'chifukwa chiyani katundu wa Malawi amayenda makilomita opitirira 2,000 kuchokera ku Durban pomwe Beira ndi Nacala ali pamtunda wosakwana makilomita 1,000 kuchokera ku Blantyre? Gwero lake ndi nkhondo ya ku Mozambique. M'zaka za m'ma 1980 njanji zopita ku madoko awiriwo zinadulidwa, mlatho wa Dona Ana pa Zambezi unaphwanyidwa mu 1986, ndipo fodya, tiyi ndi feteleza zinayamba kuzungulira kummwera kapena kudzera kumpoto ku Dar es Salaam. Nkhondo inatha mu 1992, njanji ya Nacala inakonzedwanso, ndipo katundu wambiri anabwerera kumeneko ndi ku Beira. Koma njira ya Durban inatsala, chifukwa kumabwera sitima zambiri ndipo Johannesburg, komwe amalonda athu amaoda zinthu, ali panjira pomwepo. Mtunda wonsewo amalipira ndi mayi wogula sopo ku Mchesi.

Kuchokera ku Johannesburg kufika ku Durban ndi makilomita pafupifupi 570. Nyanja ya Malawi kutalika kwake ndi pafupifupi komweko. Ndiye kuti tili ndi N3 wathu wopanda maenje, wosafuna phula, wochoka ku Mangochi kukafika ku Karonga, ndipo doko la Chipoka lili ndi njanji. Koma simenti, chimanga ndi mafuta opita kumpoto zimakwera Chiweta pa thiraki, ndipo sitima yomwe anthu a ku Likoma, Chizumulu, Usisya ndi Ruarwe amadalira ndi Ilala yomwe inapangidwa ku Scotland mu 1949 n'kuyamba ntchito mu 1951. Amisiri omwe aisunga yamoyo zaka zonsezi ku Monkey Bay ndi oyenera ulemu waukulu. Koma dziko silingapachike anthu a zilumba ndi a m'magombe opanda misewu pa chitsulo cha zaka zopitirira 70.

Timakonda kuloza ku Nsanje, komwe mu Okutobala 2010 Pulezidenti Bingu wa Mutharika anatsegula doko loti litilumikize kunyanja yamchere kudzera mu Shire ndi Zambezi, koma chombo choyamba chinagwidwa ku Mozambique ndipo khoma la simenti lija linangokhala. Ine lotolo sindiliseka. Dziko lopanda gombe la nyanja yamchere liyenera kufunafuna khomo. Chomwe ndinaona ku Durban n'chakuti khoma la simenti ndi gawo laling'ono la doko. Gawo lalikulu ndi ntchito yosaoneka pa tsiku lodula riboni: kuyeza kuya kwa madzi, kukumba mchenga chaka ndi chaka, kuyatsa nyali za zizindikiro, kuphunzitsa oyendetsa, kumvana ndi oyandikana nawo, ndi kusunga nthawi kuti wamalonda adziwe kuti Lachisanu sitima ibwera ndithu. Zambiri mwa izi pa nyanja yathu tingathe kuzichita popanda kupempha chilolezo kwa wina aliyense. Sukulu yophunzitsa za pamadzi ku Monkey Bay ilipo, ndipo ana a asodzi odziwa mwera ndi mpoto ali mbwee kuyambira ku Makanjira mpaka ku Chilumba.

Amene mukukonza ulendo wa ku Durban, patulani ola limodzi kapena awiri pa nthawi ya kugombe. Funsani ngati botilo limangozungulira mkati kapena limatulukanso pakamwa pa doko, chifukwa okalamba ndi ana aang'ono ena mafunde a kunja amawadwalitsa. Tengani chovala chotchinga mphepo ngakhale kutenthe, ndipo ngati muli ndi dalaivala wa thiraki pagulu lanu mukhale naye pafupi, adzakuuzani zomwe wolankhula pa chimkuzamawu sazidziwa.

Ife tayamba kusonkha za ulendo wina. Mwana wa chemwali anga waona sitima za Monrovia ndi Panama koma sanaonepo Ilala, ndipo monga malume wake nkhani imeneyo ili m'manja mwanga. Alamu akuti tikwerere ku Monkey Bay n'kukatsikira ku Nkhata Bay, chemwali anga akuti mwera uyambe wadutsa. Tagwirizana za mwezi wa Okutobala, ndipo chomwe chatsala ndi pasipoti ya mwanayo ndi masiku a tchuthi kuntchito.